Chaka Chimene Amuna Anga Anagwetsa Ofunda

Ku Joni ife a ku Malawi tinalibe voti ina iliyonse. Ya azungu inali ya azungu, ya kumudzi inali kutali, ndipo ngakhale ikanakhala pafupi ukanasankha chiyani poti chipani chinali chimodzi. Choncho njala yathu yonse ya ndale tinkaiphera m'bungwe la maliro. Tinkakumana Lamulungu loyamba la mwezi, masana, m'galaja ya tchalitchi china ku Troyeville. Amuna ankakhala pa mabenchi, ife akazi kumbuyo pa makatoni, ndipo komiti inkakhala kutsogolo pa tebulo logwedera mwendo. Komiti imeneyo ndiye inali nyumba yathu ya malamulo. Inkakonza malamulo, kuwaphwasula, n'kuwakonzanso, ndipo anthu amene sabata yonse ankangoti inde bwana ankaimirira m'menemo n'kulankhula mpaka kukhosi kuuma.

Lamulo lalikulu kuyambira kale linali limodzi: membala akamwalira, mtembo upite kumudzi. Mkazi sankafunsidwa, ana sankafunsidwa. Koma nkhondo ya ku Mozambique itavuta, malole anayamba kuzungulira ku Zambia, maliro n'kumachedwa pa msewu, ndipo ana obadwira ku Joni anayamba kufunsa chifukwa chimene tikuwalanda makolo awo n'kukawaika kudziko limene iwo sanalipondepo. Komiti inamva madandaulowo ndipo inasintha lamulo. Tsopano banja linkasankha lokha, kuno kapena kumudzi.

Tsiku limene analengeza zimenezi ndinasangalala kwambiri, ngakhale mano sindinaonetse. Ine ndinali ndi mwana m'dothi la Joni. Anali mtsikana, yekhayo amene Mulungu anandipatsa, ndipo chikuku chinamutenga asanadziwe kulankhula bwinobwino. Lamulo lakale linkanyamula akuluakulu okha, ana ankatsala, choncho tinamuika kumanda a ku Soweto. Lachinayi, tsiku limene ife antchito a m'nyumba tinkapuma, ndinkakwera sitima kukamuona. Ndinkafuna kuti ndikadzafa adzandiike pafupi naye, ndipo lamulo latsopanoli linali litandilola.

Amuna anga tsiku lomwelo anafika kunyumba atakwiya mpaka kukana tiyi. Tinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya madamu amene ndinkawagwirira ntchito ku Yeoville, kachipinda koti munthu akakwiya mnzake ulibe kothawira. Iwo atasiya kumigodi anapeza ntchito yosita zovala pa shopu ya Mmwenye ku Fordsburg, ndipo thalauza lawo linkakhala ndi mzere woti ukhoza kudulira buledi. Kumudzi anapitako komaliza pokanditenga ine. Chaka chilichonse ankati tipita chaka chamawa, koma pa nkhani yopitako atafa sankafuna kumva za chaka chamawa.

Chodabwitsa n'chakuti anyamata obadwira kuno, amene ankafuna kuti zotumiza mitembo zitheretu, sankawada. Ankati amenewo ndi ana, alibe nzeru, ndipo ukuwaona poyera pamene aima. Amene ankawapweteketsa mutu anali a komiti, makamaka a tcheyamani, bambo wofatsa wa ku Mulanje amene ankanyamula makalata m'ofesi ina m'tauni. Bambo ameneyu chibadwire sanakanepo munthu. Awiri akakangana ankavomereza onse awiri, ndipo aliyense ankachoka akuganiza kuti wapambana. Amuna anga anawapatsa dzina loti ofunda, ngati tiyi woiwalika pa tebulo, ndipo dzinalo linamata komiti yonse.

Mwina zikanathera pa kung'ung'udza, koma ine ndili ndi pakamwa. Chaka chimenecho azungu ankasankha aphungu awo. Panali azungu ena amene ankaona kuti boma lawo lafewa, layamba kutsegulira anthu akuda timazenera, ndipo mkwiyo wawo wonse unali pa anzawo ofewawo. Tsiku lina amayi awiri a zipewa, a gulu lokwiyali, anagogoda kwa madamu atanyamula keke. Anakhala nthawi yaitali pa sofa, akufunsa funso limodzimodzi m'njira zosiyanasiyana, loti madamu adzavotera ndani, ine ndikuwathirira tiyi ngati sindikumva Chingerezi. Tsiku lovota anabweranso ndi galimoto n'kunyamula amayi ake a madamu, gogo amene sankadziwa n'komwe kuti tili chaka chanji, kumukulunga m'bulangete n'kupita naye kukavota. Gogoyo anabwera akusimba kuti kuchipatala masiku ano sabaya jakisoni, amangokupatsa pepala.

Ndinawasimbira amuna anga kuti tiseke. Iwo sanaseke. Anaika kapu pansi n'kundiuza kuti ndibwereze pamene panali galimoto paja. Ndinawakumbutsa kuti azungu amenewo akapambana, oyamba kukwezedwa lole ya kumalire ndife. Anati zimenezo akuzidziwa, mtima wa anthuwo sakuufuna, akungobwereka njira.

Lamulungu lotsatira anabwera ndi anzawo awiri. Wina anali mdala amene kale anali polisi wa pamgodi, wa mawu oti akanong'ona agalu a nyumba yachitatu ankauwa. Wina anali khukhi wokalamba wa ku Dedza, wogontha khutu limodzi, amene ankavomera mfundo anzake atailankhula kale n'kupita pa ina. Anthu atatu amenewa ndiwo anali gulu lonse lobwezeretsa lamulo lakale, ndipo likulu lawo linali bedi langa. Madamu akadutsa pafupi kukaanika kanthu, polisi wa pamgodi ankayambitsa nyimbo ya m'tchalitchi, enawo n'kulandira. Madamu anakhulupirira kuti ndili ndi mapemphero m'nyumba, moti anayamba kutitumizira mabisiketi.

Mfundo yawo yoyamba inali yakuti m'galaja asakanganemo ndi munthu. M'galaja a tcheyamani ankakuvomereza mpaka mkwiyo wako kuzizira. Anati apite kwa anthu mmodzimmodzi, kuzipinda kwawo, ndi funso limodzi basi. Amuna anga akakupeza ankakupatsa moni wonse, kufunsa za ana, za ntchito, za kumudzi, kenako n'kukuyang'ana m'maso.

"Nanga mukafa, mukagona kuti?"

Anafunsa anthu pa siteshoni, pa msika, pakhomo la tchalitchi. Anafunsa mkwati pa ukwati wake, mpunga uli m'kamwa. Mayi wina wa ku Zomba amene ankadwala chimfine atamva funsoli anaganiza kuti adokotala auza amuna anga chinachake chimene iye anamubisira, ndipo analira mpaka anansi kusonkhana. Pasanapite nthawi anthu akaona mzere wa thalauza lija ukubwera ankaolokera tsidya lina la msewu. Koma funsolo linkagwira ntchito. Munthu wa ku Malawi, atavala jekete, masana dzuwa likuswa mtengo, sakanatha kuyankha mkulu mnzake kuti ndikagona ku Soweto. Aliyense ankati kumudzi, ndipo amuna anga ankamugwira chanza n'kumuuza kuti mawu akewo adzawakumbukire tsiku la chisankho cha tcheyamani wa bungwe, mpando umene amuna anga tsopano ankaufuna.

Chida chachiwiri chinali unkhoswe. Ku Joni amalume anali osowa, choncho amuna anga anali nkhoswe wa mabanja ambirimbiri, ndipo zaka zonse ankadziwika kuti mlandu amauthetsa tiyi asanazizire. Chaka chimenecho palibe mlandu umene unatha. Ankamvetsera mwamuna akugwedeza mutu, kumvetsera mkazi akugwedeza mutu, kenako n'kupuma mozama n'kunena kuti nkhaniyi ndi yaikulu, tidzaiona chisankho chikadutsa. Mwamuna ankatsala akufuna kuwasangalatsa, mkazinso chimodzimodzi, ndipo m'nyumba imodzi ankatulukamo ndi mavoti awiri a anthu osalankhulana. Banja lina la ku Bertrams, limene linkakangana chifukwa mwamuna anapereka wailesi kwa mlongo wake osafunsa, linatopa kudikira n'kugwirizana lokha. Amuna anga atamva anapita kukawadzudzula kuti kugwirizana popanda nkhoswe n'kupanda ulemu.

Kenako anatembenukira kwa matchona. Amenewa anali madala amene anabwera ife tisanabadwe, anakwatira Azulu ndi Asutu, ndipo m'bungwemo munali maina awo okha, nkhope tinaziiwala kalekale. Amuna anga anawasaka ku Alexandra, ku Soweto, m'makomboni a pamigodi. Ena Chichewa chinali chitawathawa, ankayamba chiganizo m'Chichewa n'kuchimalizira m'Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi. Kwa amenewa sankakamba za malamulo. Ankawafunsa dzina la mtsinje wa kwawo, mtengo umene unali pabwalo, kumene anaikidwa amayi awo. Madala ankalira, ndipo amuna anga ankabwera kunyumba maso ali ofiira, akunena kuti ndi fumbi la ku Alexandra. Pamenepo pokha sindinkawaseka, chifukwa ndinkadziwa kuti sakunamizira.

Chomaliza chinali kavotedwe. Zaka zonse tinkalemba pa timapepala n'kuponya m'chipewa. Amuna anga anaimirira pa msonkhano n'kunena kuti zimenezo n'zachizungu, tivote ngati kumudzi: opikisana ayang'ane kukhoma, anthu aime pa mzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Chimene sananene n'chakuti pepala limabisa munthu, pamene pa mzere aliyense amene anawagwira chanza aoneka kumene waima. A tcheyamani anati maganizowo ndi abwino kwambiri, ndipo a mapepala nawonso ndi abwino kwambiri, mwina odziwa kulemba alembe, osadziwa aime. Atafunsidwa kuti ndiye adzawerenga bwanji, anati tichite zimene anthu akufuna. Amene ankamveka kwambiri m'galajamo anali polisi wa pamgodi, choncho anthu anafuna mzere.

M'miyezi yonseyi amuna anga anafunsa Joni yense funso lawo lija, kupatula ine. Ine anandiwerengera kale, monga mmene ankawerengera ketulo kuti m'mawa aipeza pamalo pake. Tsiku lina akupolisha nsapato ndinayesa. Ndinafunsa kuti nanga amene ali ndi ana m'manda a kuno atani. Anayankha nsapato ili m'manja kuti lamulo silingayang'ane munthu mmodzimmodzi, n'kuvala, n'kumapita kuntchito. Kumanda kuja anali asanapondeko chiikire mwana, ndipo dzina lake silinkatuluka pakamwa pawo. Ndinkadziwa kuti si kuuma mtima, n'kulephera, koma kudziwako sikunandiletse kukwiya. Ndinakwiya kwambiri. Sabata imeneyo mbale za madamu zinatsukidwa mwamphamvu moti imodzi sinapirire.

Tsiku la chisankho amuna anga anabwereka galimoto ya pa shopu. Kwa Mmwenye anati kuli nkhani ya maliro, zimene sizinali bodza kwenikweni. Inapita n'kubwera, kupita n'kubwera, ikutsitsa matchona pakati pa mahang'ala a zovala, ena atanyamula ndodo, wina atavala chipewa cha pamgodi chifukwa anamva kuti kuli mwambo. Galaja inadzaza mpaka anthu kuima panja. A tcheyamani anawalandira onse ndi manja awiri, akuthokoza Mulungu kuti bungwe lakula, ndipo anawapatsa mpando wawo womwe.

Chimene amuna anga sanachiganizire n'chakuti madala a msinkhu umenewo sayenda okha. Ambiri anabwera ndi akazi awo, ndipo m'bungwe lathu mkazi wa membala ankavota. Mayi wina wa Chizulu, wamkulu thupi, anandifunsa kuti kodi tikusankha chiyani. Ndinamuuza zoona, sindinawonjezere ngakhale mchere. Atamva kuti mwamuna amene wamuphikira moyo wake wonse adzakwezedwa lole kupita kudziko limene iye sakulidziwa, anaimirira.

"Hayi bo, umyeni wami akayi ndawo," anatero, kutanthauza kuti mwamuna wake sapita kulikonse.

Anamugwira mdalayo kukolala n'kumukokera mbali ya a tcheyamani, mdalayo akuyang'ana m'mbuyo mwachisoni. Akazi ena angapo anachita chimodzimodzi. Polisi wa pamgodi anathamanga uku ndi uku akufuula kuti oda, oda, koma kulanda mwamuna m'manja mwa mkazi wa Chizulu si ntchito imene anaiphunzira kumgodi.

Opikisana awiri anaimikidwa kutsogolo, nkhope kukhoma, amuna anga kumanja, a tcheyamani kumanzere. Anthu anayamba kudzuka. Amene anagwidwa chanza anapita kumanja akuyang'ana pansi. Mabanja a milandu yosatha anapita kumanja, mwamuna ndi mkazi atasiya mpata pakati pawo. Khukhi wa ku Dedza anakaima kumanzere monyadira mpaka wina anamukoka malaya n'kumulozera msana woyenera. Mzere wa amuna anga unatuluka pakhomo n'kukhota. Wa a tcheyamani unali waufupi: anyamata obadwira kuno, akazi a Chizulu ndi akaidi awo, ndi anthu ochepa amene anali ndi mtima wolimba.

Ine ndinatsala pa katoni. Amayi a kumanja anali atandisiyira malo kutsogolo kwenikweni, kumbuyo kwa jekete la amuna anga, poti pamenepo ndi pa mkazi wa munthu. Ankandikodola. Ndinadzuka, ndinayenda mpaka pamalopo, ndinaona msana umene ndinautsata kuchoka ku Ntcheu mpaka kuno, ndipo ndinapitirira. Ndinakaima kumanzere, kumbuyo kwa mnyamata wina wa tsitsi lalikulu amene sankadziwa n'komwe kupereka moni wa Chichewa. Polisi wa pamgodi anatsokomola kawiri kuti achenjeze mnzake, koma lamulo loti opikisana asacheuke amuna anga anali atalilimbikira okha.

Owerenga atamaliza anauza awiriwo kuti atembenuke. Panalibe chofunsa, amuna anga anali atapambana kutali. Anatembenuka akumwetulira, anthu akuomba m'manja, ndipo ndinaona maso awo akundifuna. Anayamba kutsogolo kwa mzere wawo, kutsika nawo mpaka pakhomo, kubwereranso. Kenako anayang'ana kumanzere. Kumwetulira kuja kunatsalabe pankhope chifukwa anaiwala kukuchotsa. A tcheyamani anawagwira chanza n'kunena kuti anthu asankha bwino kwambiri, ngakhale amene aima kumbuyo kwawo nawonso sanalakwe.

Kunyumba sitinalankhulane. M'kachipinda kaja tinkapatsana mchere ndi sopo osayang'anana, ngati anthu okumana m'sitima. Mlandu woterewu umafuna nkhoswe, ndipo apa ndi pamene panali tsoka la amuna anga, chifukwa nkhoswe wa banja lathu kuno ku Joni anali a tcheyamani omwe anawagwetsawo. Anabwera ndithu, chipewa m'manja. Anamvetsera amuna anga akufotokoza kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu, ndipo anati zimenezo n'zoona. Anamvetsera ine ndikufotokoza kuti munthu amene wafunsa mzinda wonse akanafunsako mkazi wake, ndipo anati zimenezonso n'zoona. Anamwa tiyi, anayamikira mabisiketi a madamu, n'kumapita.

Lachinayi lotsatira ndinavala kuti ndizipita ku Soweto, ndipo ndinaona amuna anga nawonso avala, koma osati za kuntchito. Ananditsata mpaka pa siteshoni, anakwera sitima yomweyo n'kukhala pa benchi ina. Titafika kumanda anadutsa kutsogolo monga mwa chizolowezi chawo, akuyenda ngati munthu wodziwa njira. Koma manda anali atakula, pamene kale panali tchire panali mizere yatsopano, ndipo anakhotera kolakwika. Ndinawasiya azungulire pang'ono, akuwerama kuwerenga maina a ana a eni. Chifundo chinandigwira mochedwa. Ndinapita pa mwana wanga n'kugwada, ndipo patapita kanthawi ndinamva nsapato zawo zaima kumbuyo kwanga.

Kenako anagwada, ndi thalauza lomwe lija, pa dothi lofiira, n'kuyamba kuzula udzu mosadziwa, akuzula ndi maluwa omwe amene ndinadzala. Sindinawaletse.

"Ndimayesa tidzapitira limodzi," anatero. "Ndimayesa mudzagona pambali panga."

"Nanga uyu atsale ndi yani, bambo?"

Anasasa dothi m'manja, n'kuyang'ana dzina limene linali pa mtanda, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka.

"Ine kuno sindingagone, mayi. Ndayesa kuganiza, zikukanika. Amayi anga ndinawalonjeza."

"Ndikudziwa."

"Ndiye inu mutsale naye."

Ndinali nditapeza chimene ndinkafuna, ndipo sindinasangalale ngakhale pang'ono. Miyezi yonse ija ndinkangoganiza za kugona pafupi ndi mwana. Sindinaganizepo kuti ndiye kuti bambo ake adzagona okha. Pobwerera tinakhala pa benchi imodzi, iwo akuyesa kupukuta maondo a thalauza ndi mpango, dothilo n'kumangofalikira.

Pa msonkhano wawo woyamba ngati tcheyamani, amuna anga anabwezeretsa lamulo lakale, anthu awo akuomba m'manja. M'manja musanazizire anawonjezera kuti mayi amene anaika mwana kuno, akafuna kutsala, atsale. Polisi wa pamgodi anaimirira pang'onopang'ono, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Madala, mwafunda." Khukhi wa ku Dedza anaombera m'manja lamulo loyamba lija, mochedwa monga mwa masiku onse, ndipo anthu anaganiza kuti akuombera lachiwiri. Amuna anga anati tivote. Amayi anadzuka pa makatoni n'kukaima kumbali yovomereza, ndipo tinali ambiri kuposa mmene aliyense ankaganizira. Ena ndinakhala nawo zaka zambiri m'galajamo osadziwa kuti nawonso ali ndi kamanda kawo ku Soweto. Amuna ambiri anachita manyazi kukaima moyang'anana nafe, moti mfundoyo inadutsa.

Chaka chotsatira polisi wa pamgodi anawagwetsa amuna anga. Anayenda m'zipinda zomwezo, kuuza anthu kuti tcheyamani amalamulidwa ndi mkazi, ndipo anabwereka lole ya malasha n'kutsitsa madala ena amene ngakhale ife sitinkadziwa kuti akadali moyo. Amuna anga anabwera kunyumba akudandaula kuti kunyamula nkhalamba zosadziwa kanthu kuti zidzavote ndi khalidwe lonyansa, ndipo bungwe likanayenera kuletsa. Ndinawathirira tiyi, ndipo pa ulendo umenewu pakamwa panga ndinapagwira. Komiti yatsopano inalumbira kuti ichotsa mfundo ya amayi ija, koma msonkhano uliwonse inkaisunthira ku msonkhano wotsatira.

Amuna anga anamwalira kutatsala pang'ono kuti anthu akuda a m'dziko lino avote koyamba. Mtima unangoima, ali kuntchito. Bungwe linachita zonse mwa lamulo, ndipo polisi wa pamgodi ndi amene ananyamula bokosi kutsogolo, akulira mokweza moti mawu a abusa sankamveka. Ndinakwera nawo lole mpaka ku Ntcheu. Tinawaika pambali pa amayi awo, monga analonjezera.

Titameta, alamu anga ananditengera kumandako n'kundilozera malo amene anasiya pambali pa mchimwene wawo. Anati amenewa ndi anu, mlamu, palibe adzawakhudze. Anali malo abwino, pamthunzi. Ndinawathokoza, kenako ndinawauza kuti adzapatse wina, chifukwa ine ndili ndi mwana ku Joni ndipo bambo ake anandilola. Sanamvetse, koma sanandikakamize.

Pa maliro ponse ndinalira monga mmene mkazi amalirira, anthu akundigwira. Kulira kwenikweni kunandipeza m'basi, titadutsa chipata cha kumalire, pamene ndinacheuka n'kuona kuti mapiri a kwathu atsalira m'mbuyo ndipo amuna anga atsala nawo. Mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa ngati ndaiwala kanthu. Ndinati ayi, ndasiya dala.